Mng'alu wa Pansi pa Tinta

M'mawa uliwonse, chifunga cha ku Lichinga chisanachoke m'mapaini, Che Salumu ankakhala atatulutsa kale mota yawo pabwalo la nyumba ku Chiuaula, nsanza ili m'manja. Amayi opita kumadzi ankawapeza atagwada, akupukuta mipope ya utsi mpaka nkhope kumaonekamo. M'maso mwawo ankasukusula pambuyo, mota itayamba yasamba.

Sinali ngati tinjinga tamoto tina timene timalira ngati udzudzu. Chinali chimota chachitali, cholemera, chishalo chotsika ngati mpando wa ndalema, zogwirira zotambalala ngati nyanga za ng'ombe. Mwini wake woyamba anali Mpwitikizi wa sitolo amene Che Salumu ankamunyamulira matumba. Chaka cha ufulu mzunguyo akumanga katundu mwaphuma, motayo inasowa pokwera, ndiye anangowaponyera kiyi. Kuyambira pamenepo Che Salumu anakhala munthu. Ankatsikira ku Meponda kukagula usipa wouma n'kudzagulitsa pamsika wa m'tauni, ndipo mota ikalira patali, anthu ankadziwa kuti ndiwo zafika.

Zaka zinapita, nkhondo inalowa, masitolo anauma. Sopo anasowa, mchere unasowa, nanji zitsulo za mota. Ndipo motayo inayamba kudandaula. Ikagwa m'dzenje nyali inkathima yokha. Fuzivele, kawaya kaja kamene kamapsa koyamba magetsi akasokonekera kuti zina zonse zipulumuke, kanayamba kupsa ulendo uliwonse. Mafuzivele onse amene anali nawo atatha, Che Salumu anadula msomali n'kulowetsa pamalopo. Msomali sunapse, iwo n'kuti matenda atha. Kenaka zogwirira zinayamba kunjenjemera potsetsereka, ngati manja a munthu wa malungo. Apo m'pomwe anapita ku Sanjala kwa Cândido, mnzawo wa pabawo, mesitire amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yake.

Cândido anatukula tanki pang'ono, n'kuyendetsa chikhadabo pa chitsulo chachikulu chimene chimagwira mota yonse kuyambira kukhosi mpaka kuchishalo. Chikhadabo chinakodwa.

"Che Salumu, mkazi wanu wamng'onoyu wathyoka msana."

"Tsitsani mawu, mesitire, angakumveni."

"Sindikuseka ayi. Taonani mng'alu uwu. Ndiwo ukudya mawaya, chifukwa akukhuzana nawo. Fuzivele ankakuuzani zomwezo, inu mwamutseka pakamwa ndi msomali."

"Ndiye tichite bwanji?"

"Muisiye. Ndichotse tanki, ndichotse injini, itsale mafupa okhaokha. Magetsi akabwera m'tauni muno ndiwotcherere, mawaya ndikulunge bwino."

"Magetsiwo abwera liti?"

"Akabwera abwera. Kaya mawa, kaya mwezi wa mawa."

Che Salumu anayang'ana pabwalopo. Panali mafupa a magalimoto amene analowa ndi mawu omwewo, tsopano nkhuku zikuikiramo mazira.

"Mota yanga ikhale maliseche pano, Sanjala yense akuonerera?"

"Bola maliseche kusiyana ndi nsanda," anatero Cândido.

Che Salumu anaseka, n'kuliza mota, n'kumapita.

Chimene chinkawathamangitsa chinali mwana wawo mmodzi yekhayo, Zainabo. Iye anali ku Meponda kwa azakhali ake, kumene analowa unyago, ndipo masiku otuluka anali atayandikira. Namwali akamabwerera kwawo, makolo amaonetsa chimene ali nacho: nsalu ya kapulana yatsopano, mikanda, mafuta, ngakhale chaka chikhale cha njala. Che Salumu analonjeza mwanayo akadali wa kumsana kuti tsiku limenelo adzalowa m'Chiuaula ali pamota, anthu ali ndandanda m'mbali mwa njira. Lonjezolo ankalibwereza pamsika, pamzikiti, paliponse, mpaka linasanduka la mudzi wonse.

Komanso masiku amenewo munthu sankayenda yekha pamsewu wa ku Meponda. Magalimoto ankadikirana n'kunyamuka pamodzi, asilikali ali patsogolo. Ankati koluna. Asananyamuke, msilikali wamkulu ankazungulira galimoto iliyonse, ndipo yooneka yodwala ankaibweza, chifukwa koluna siimira munthu. Galimoto ikakuferani panjira, mutsala nokha ndi tchire.

Tsono Che Salumu anatenga phula la njuchi, n'kulifewetsa padzuwa, n'kumata mng'alu uja mpaka kusalala. Pamwamba pake anapakapo tinta, penti wakuda amene anamusunga m'kachitini kuyambira nthawi ya mzungu. Atauma, ngakhale iwo eni ake ankachita kufunafuna kuti paja panali pati.

Mkazi wawo, Atija, ankaonerera ali pakhomo akusankha nyemba.

"Bambo a Zainabo, chilonda sichipola pochifunditsa kapulana."

"Inu za zitsulo mwazidziwira kuti?"

"Sindizidziwa. Ndikudziwa kuti a Cândido anakuuzani kanthu, chifukwa simunapitenso kubawo. Mwanayo akwere kamiyau, lole ya katundu ija, ndi anzake. Akafika pamsika mudzamutengere pamenepo, alowe m'mudzi pamota monga mufunira."

"Mwana wa Salumu akwere pamwamba pa matumba ngati mbuzi? Anthu amuone akutsika ali usipa wokhawokha m'mutu?"

"Bola atsike."

Che Salumu anangotenga nsanza n'kubwerezanso tanki.

Tsiku la ulendo msilikali uja anaizungulira mota, n'kudziyang'anira nkhope m'tanki, n'kugwedeza mutu. "Onse akanamasamala chonchi, bwenzi tikuyenda bwino," anatero, nawauza kuti alowe pakati. Kutsikira kunyanja mota inayenda mosakhosomola n'komwe. Che Salumu ankangomwetulira okha, akukonza mawu okamuseka nawo Cândido.

Anagona ku Meponda, m'mawa mwake koluna n'kukonzeka kubwerera. Popeza ulendo supita pachabe, anamangirira matumba awiri a usipa uku ndi uku. Zainabo anakhala pakati pake, mutu wometa ukunyezimira mafuta, mikanda yoyera m'khosi, kapulana wakeyo akadali wouma ndi utsopano. Anagwira malaya a bambo ake ndi manja onse awiri.

"Baba, tikamalowa mukalize buzina, pii pii, kuyambira pamsika."

"Mpaka agonthe, mama."

Msewu wochoka ku Meponda ndi chikweza chokhachokha, chokhotakhota, miyala ndi mayenje. Atakwera ndithu, Che Salumu anamva fungo la mphira wopserera. Anati mwina ndi kamiyau ya patsogolo. Kenaka utsi woyera unatuluka pansi pa tanki, pakati pa maondo awo, injini n'kuzima. Mawaya aja anali atadyeka mpaka kukhudza chitsulo, ndipo msomali unagwira ntchito yake ya msomali: sunapse, zinapsa ndi zina zonse.

Anakankhira mota pambali. Magalimoto anayamba kuwadutsa, imodzi imodzi, anthu akuyang'ana kumbali. Yomaliza inali kamiyau ya Saide, munthu wa ku Chiuaula komweko. Iye anachepetsa liwiro mpaka kumangokwawa, n'kutulutsa mutu pazenera.

"Che Salumu, ponyani mwanayo kuno! Sindiima!"

Amayi amene anali pamwamba pa matumba anatambasula manja. Zainabo anayang'ana manjawo, n'kuyang'ana bambo ake. Kumunyamula kunali kosavuta, anali mwana wopepuka. Koma m'mutu mwa Che Salumu munabwera pamsika paja, mwana akutsika pakamiyau, anthu akufunsana kuti nanga chimota chija chili kuti.

"Pitani, achimwene. Ndi kawaya chabe. Tikupezani."

Saide anawayang'ana kanthawi, n'kubweza mutu. Fumbi linakwera, linakhota, linasowa.

Tchire likakhala chete nthawi ya nkhondo, munthu amamva mtima wake ukugunda. Che Salumu anasenda mawaya ndi mano, manja akuterera thukuta, n'kulumikiza, n'kukulunga ndi nsanza yopukutira ija. Zainabo anaima chilili, akuyang'ana m'maudzu. Atapondaponda, injini inadzuka.

"Waona? Gwiritsa."

Tsopano panalibe ntchito ina koma kuthamangira fumbi la koluna. Anaikoka mota monga sanaikokerepo chiyambire. Mayenje amene masiku onse ankawazemba anangowadumpha. Matumba ankamenya m'mbali, zogwirira zikunjenjemera, iwo n'kumazipanikiza ndi mphamvu. Atatulukira pamalo oongoka anaona kumbuyo kwa kamiyau ya Saide patali, n'kuwonjezeranso moto. Pamenepo panali ngalande imene mvula inakumba modutsa msewu.

Sanamve phokoso lalikulu. Anangomva thyo, ngati nkhuni youma pabondo. Gudumu la kutsogolo ndi zogwirira zinapita mbali ina, iwo akadazigwira, zotsalazo n'kupita kwina.

Anadzuka m'maudzu, m'kamwa muli dothi, alibe pothyoka. Usipa unali mbwee msewu wonse. Zainabo anali chigonere, chimota chotsalacho chitamugonera pamwendo, mpope wa utsi uja, umene ankaupukuta m'mawa uliwonse, utakanikiza mnofu uli wamoto. Mwanayo sankalira. Ankangoti, "Baba, chotsani. Baba, chotsani."

Anachitukula, kaya mphamvu anazitenga kuti. Anamanga mwendowo ndi kapulana watsopano uja, n'kumubereka mwana kumsana. Anayenda dzuwa lili paliwombo, osakumana ndi munthu, mpaka pamsasa wa asilikali. Kumeneko anadikira galimoto yopita m'tauni. Pofika kuchipatala mwendo unali utada. Anaudula m'munsi mwa bondo.

M'chipinda chimene anagonekedwa munali ena ambiri opanda miyendo, onse oponda mabomba okwirira, amene anthu ankangowatchula kuti mina. Choncho aliyense wobwera kudzazonda odwala akafika pabedi la Zainabo ankapukusa mutu chimodzimodzi. "Nkhondo iyi. Mina sizisankha, ngakhale namwali." Che Salumu ankakhala pansi pafupi ndi bedi, osavomera, osakana. Mawuwo ankawafunditsa, ndipo ankawasiya awafunditse.

Atija anapirira masiku angapo. Tsiku lina mayi wina wachilendo atanenanso zomwezo, iye anayankha osakweza mawu, akupitiriza kumupukuta mwana kumaso.

"Si mina ayi, mayi. Funsani bambo akewo."

Mayiyo anatembenukira kwa Che Salumu, akudikira. Iwo anaimirira n'kupita panja.

Zotsala za mota anazikweza ndi Saide pa ulendo wotsatira n'kukazitula ku Sanjala. Che Salumu atapitako, Cândido sanawakumbutse kanthu. Anangowapatsa mpando. Pambuyo pake anatola chidutswa cha chitsulo cha msana chija kuti achiike pambali, ndipo pochipendeketsa munatuluka dzimbiri lofiira, la ufa, likuyoyokera pansi. M'mphepete mwa pothyokapo phula linali likadalipo, tinta akadali waliwali mbali zonse ziwiri. Magetsi anali atabwera m'tauni sabata yomweyo.

Zainabo analowadi m'Chiuaula anthu ali ndandanda m'mbali mwa njira, monga analonjezera bambo ake. Koma anali kumsana kwa bambo akewo, ndodo zake zitanyamulidwa ndi amake pambuyo. Panalibe nthungululu. Atatsala pang'ono kufika pakhomo, mwanayo anaweramira kukhutu kwawo.

"Baba, nanga mota ichira?"

Che Salumu anangomukweza bwino kumsana, n'kupitiriza kuyenda.

Anabwerera kuntchito yawo yakale yonyamula matumba pamsika. M'mawa uliwonse ankadzukabe chifunga chisanachoke, chifukwa thupi linazolowera, n'kukhala pabwalo lopanda kanthu manja ali pamaondo, akumvetsera kugogoda kwa ndodo m'nyumba. Amayi opita kumadzi ankawapatsa moni n'kudutsa msanga. Onsewo anadziyang'anirapo nkhope m'tanki lija, onse anaitamanda mota imene inali itafa kale m'kati. Akuluakulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.