Birimankhwe Akanidwa ndi Imelo Yake

Birimankhwe sankakhala pa chinthu chimodzi. Khungu likasintha, nayenso ankasintha mawu achinsinsi otsegulira imelo yake. Mayi Njuchi, amene ankathandiza nyama pa kompyuta kumsika, analibe nthawi ya zopusa, ndipo awiriwa anakumana pa tsiku loipa.

Birimankhwe anali atafunsira ntchito yolondera munda wa mango wa a Njovu. Yankho linali loti lifike pa imelo, ndipo wosayankha pofika Lachitatu masana, ntchito imupita. Ananyamuka Lolemba, phazi kutsogolo, phazi kuganiza kaye, nafika kumsika Lachitatu m'mawa.

Analemba mawu achinsinsi katatu, katatu konse kompyuta inakana.

"Musadandaule, achimwene," anatero Mayi Njuchi. "Pali funso limene munasankha nokha. Likuti, mumakonda mtundu wanji?"

Birimankhwe anayang'ana pamimba pake. Anali atakhala pa benchi. "Wa khofi," anatero. Kompyuta inakananso.

"Tsiku lotsegulitsa imeloyi munakhala pa chiyani?"

"Pa chitenje chanu chija, mayi. Cha maluwa."

"Cha mitundu isanu ndi iwiri chija? Inu mundikalambitsa."

Panatsala njira imodzi, kuonetsa nkhope kuti ifanane ndi chithunzi chakale, chimene anajambulitsa ali wobiriwira. Birimankhwe anaima pakhoma la laimu, mantha atamugwira, nayera mbuu ngati khomalo.

"Kompyuta ikuti pano palibe munthu," anatero Mayi Njuchi.

"Ndilipo, mayi. Iuzeni."

Mayiwo anatuluka, nathyola tsamba la nthochi, namukhazika pamenepo. Birimankhwe anabiriwira pang'onopang'ono, kuyambira kumchira, pamene dzuwa linali kukwera. Mutu utabiriwira, imelo inatseguka.

Munali makalata awiri. Yoyamba inati ntchito ndi yake ngati ayankha asanakwane masana. Yachiwiri inali itangofika kumene, ndipo inati popeza wakhala chete, a Njovu alemba Galu.

Birimankhwe anada bii. Mayi Njuchi anamumvera chisoni pang'ono, namulembera mawu achinsinsi atsopano pakapepala. Iye anawerenga ndi diso limodzi, lina likuyang'ana kudenga.

"Ndi abwino, mayi, koma andikwana kale. Tingasinthe?"

Mbola imene analandira inamufiiritsa sabata yathunthu, ndipo aka kanali koyamba kuti akhale ndi mtundu umodzi.

Phunziro: Wosinthasintha amadzakanidwa ndi khomo lake lomwe. Sankha chimodzi, uchisunge.