Diresi Analigula Yekha

Panali munthu wina amene ankagulitsa nsapato za kaunjika pa msika wa m'mbali mwa msewu, cha ku Dedza. Anali masiku aja mafoni ojambula asanalowe m'thumba la aliyense, pamene munthu ukafuna chithunzi unkayamba wasamba.

Tsiku lina atapita mumzinda kukapikula nsapato, anaona kakamera kali pa mphasa, pakati pa mawotchi akufa ndi machaja a mafoni. Kanali kakang'ono ngati sopo wosambira. Ukakayatsa, diso lake linkatuluka ngati mutu wa kamba, ukakazimitsa, linkabwerera.

"Bwana, iyi ndi kamera yanzeru," anatero wogulitsa. "Imaganiza yokha."

"Ikanakhala yoganiza yokha, bwenzi ili pa mphasa?" anayankha wansapato.

Ananenerera mtengo mpaka mthunzi unasuntha. Wansapato ananyamuka ngati akupita, wogulitsa anamugwira malaya, monga mwa mwambo wake. Pomaliza anagwirana chanza, aliyense akukhulupirira mumtima kuti wapusitsa mnzake. Amenewo ndiwo malonda abwino.

Asanasiyane, wogulitsa anamuonetsa kagudumu kamene kanali pamwamba pa kamerayo, kozunguliridwa ndi zilembo.

"Apa pali A. Ndiye kuti Aliyense. Mumangoloza n'kudina, ngakhale mbuzi ingajambule. Apa pali M. Ndiye kuti Mavuto. Musakhudzepo."

Munthu uja anabwerera kwawo, ndipo posakhalitsa msika wonse unadziwa kuti wansapato wasanduka wojambula. Anthu anayamba kumutcha Akamera.

Tinene zoona, kakamerako kanali ndi ubwino wake. Kankakwana m'thumba la malaya. Ana sankakathawa monga ankathawira zimakamera zikuluzikulu za pa situdiyo. Ukajambula, chithunzi chinkaoneka pompo pa kagalasi ka kumbuyo, ndipo ngati wina waphethira, unkafufuta popanda mlandu. Koma kanalinso ndi timakhalidwe take. Mabatire kankadya ngati nkhumba pa madeya, ndipo a wailesi a pa okala sankakadzutsa n'komwe. Ukadina batani, kankayamba kaganiza kaye ngati mkulu wa mpingo wopemphedwa njinga. Pofika poti kajambule, amene amaseka uja watseka pakamwa. Mumdima kanali kakhungu. Kuwala kwake kong'anima sikunkafika patali kuposa pamene munthu angalavule.

Mwezi wa Januwale msika umagona, chifukwa wanjala sagula nsapato. Tsiku lina, pofuna kutayitsa nthawi, munthu uja anaika nsapato yakuda pa thumba loyera la feteleza padzuwa, n'kujambula. Thumba linatuluka bwino kwambiri, ulusi uliwonse ukuoneka. Koma nsapato inangokhala chibowo chakuda. Anajambulanso. Chimodzimodzi. Apo ndi pamene anazindikira khalidwe la A: kamera ukaisiya kuti iganize yokha, imathamangira chimene chikuwala kwambiri, n'kuiwala zina zonse.

Pokhala munthu wosamva za wogulitsa, anatembenuzira kagudumu pa M. Anadinadina timabatani mpaka anapeza kamene kamalowetsa kuwala kochuluka. Akadina, nsapato inkatuluka mumdima pang'onopang'ono: zingwe, msoko, ngakhale pamene panang'ambika. Koma thumba lija linkayererayererabe mpaka linasanduka mbee, lopanda ulusi, lopanda chilembo. Akabweza, thumba linkabwera, nsapato n'kumira. Kakamerako kanalibe mphamvu yosunga zonse ziwiri padzuwa. Kankati: sankhani chimodzi.

Iye anangoseka, n'kubwezera kagudumu pa A. Pa M pankafuna kuganiza, ndipo anthu salipira kuganiza.

Tsono m'mudzi wapafupi munali mayi wachitsikana, Nangozo. Mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku Joni iye ali ndi pakati. Mwana anabadwa, wamkazi, anamutcha Sungeni. Anayamba kukhala pansi, anayamba kukwawa, bambo ake osamuona. Ankangomva kulira kwake pa foni ya pa golosale. Itayandikira nthawi ya ubatizo, bamboyo anatumiza diresi loyera la maluwa osokerera ndi timikanda tonyezimira, diresi loti ngakhale mwana wa bwanamkubwa angalisirire. Anatumizanso mawu: nditumizireni chithunzi.

Amene anakaitana Akamera anali azakhali a mwanayo, mlongo wa bambo wa ku Joni uja. Amenewa ankagulitsa tomato pa msika womwewo, ndipo pakamwa pawo panali ngati wailesi yopanda pozimitsira. Akakuyamikira, maukwati onse a chaka chimenecho ndi ako. Akakunyoza, bwerera ku nsapato.

"Akamera, mumve bwino," anatero azakhaliwo. "Diresilo lioneke. Mkanda uliwonse. Achimwene aone kuti katundu wawo anafika ndipo sitinagulitse."

Dalaivala wina wa lole wa m'mudzimo ankanyamuka ulendo wa ku Joni Lolemba madzulo. Ndiye amene akananyamula chithunzicho. Akapita osachitenga, wina wodalirika sankadziwika kuti adzapezeka liti.

Lamulungu linafika. M'tchalitchi munali kamdima, ndipo zithunzi za mmenemo zinatuluka ngati mizukwa ili pamsonkhano. Atatuluka panja, mukudziwa mmene anthufe tilili. Aliyense anakumbukira kuti ali ndi nkhope. Amalume anafuna chithunzi atatsamira galimoto ya eni. Akwaya anafuna chawo, kenaka china chifukwa woimba besi anayang'ana kumbali. Wina anabweretsa mbuzi ya phwando kuti nayonso ikumbukiridwe isanaphedwe. Akamera, pokomedwa ndi kuitanidwa uku ndi uku, anangodina, anangodina.

Mwini tsiku, Sungeni, anali akulira. Madzi a ubatizo sanawakonde, ndipo timikanda tija tinkamuyabwa m'khosi. Akamera anapempha kuti apite naye pansi pa mtengo.

"Pamthunzi?" anatero azakhali. "Diresi lochokera ku Joni likabisale pamthunzi ngati lakuba? Padzuwa pompano!"

Anaimika Nangozo pa masitepe a tchalitchi, dzuwa lili paliwombo, mwana ali m'manja. Akamera anajambula. Azakhali anasuzumira pa kagalasi n'kuwomba m'manja. Diresi linatuluka ngati la m'sitolo, duwa lililonse, mkanda uliwonse. Koma pamwamba pa diresipo panali chinthu chakuda chozungulira, ngati mphika wovundikira. Maso osaoneka, mphuno yosaoneka. Nsapato ija pa thumba la feteleza.

Nthawi yomweyo kachizindikiro ka batire kanaphethira kofiira, diso la kamera linabwerera m'chigoba, kagalasi kanada.

Nangozo anali ataona nawo chithunzicho. Sanakweze mawu, pakuti pamaso pa alamu ake ankayankhula ngati wopempha moto.

"Achimwene," anatero chapansipansi kwa Akamera, "bambo ake sanamuonepo."

Munthu uja anatulutsa mabatire, anawafikisa m'manja mpaka anatentha, anawapumira mpweya ngati akukoleza makala, n'kuwabwezera. Kamba anatulutsanso mutu. Iye ankaidziwa kamera yake: pamenepa panatsala chithunzi chimodzi, mwinanso osakwana.

Mwina wina akuti, bwanji sanasunge mabatire ena? Funso labwino. Mukalifunse kwa mbuzi ija.

Tsono taonani pamene anaima munthuyu. Akasiya pa A, diresi lituluka, azakhali akondwa, maukwati a chaka chonse ndi ake. Akatembenuzira pa M, nkhope ituluka, diresi lipsa ndi kuwala, ndipo pofika mawa msika wonse udzakhala utamva kuti Akamera ndi wogulitsa nsapato chabe amene anatola chidole.

Ndipo chithunzi cha diresi chija? Iye anadziwa kuti akachisiya, ndicho chimene azakhali akatsukitse ndi kutumiza, cha nkhope n'kuchiika pansi pa bokosi. Anachifufuta. Kenaka anatembenuza kagudumu.

"Mukutani kodi?" anafunsa azakhali, ataona pa kagalasi maluwa a diresi akusungunuka ngati mchere m'madzi. "Diresi likupita! Bwezani!"

"Mayi," anatero munthu uja, diso lili pa kagalasi, "diresilo akulidziwa. Analigula yekha."

Anadina batani theka, n'kudikira, chifukwa kamera yochedwa imafuna uyambe kuipempha zinthu zisanachitike. Nangozo anachotsa kamkanda kamene kankabaya mwana m'khosi, n'kumuuzira mpweya pachipumi. Sungeni anasiya kulira, anadabwa, kenaka anaseka, timano tiwiri ta m'munsi tili poyera. Munthu uja anamaliza kudina. Kamera inaganiza, inaganiza, inajambula, n'kufa.

Lolemba m'mawa anakatsukitsa chithunzicho pa boma. Diresi linalibe duwa, linalibe mkanda. Linangokhala mtambo woyera. Koma pamwamba pa mtambowo panali mwana: maso onyowa ndi misozi, masaya onenepa, chipumi chotakata, ndi kuseka kuja. Dalaivala anachiika m'thumba la jekete n'kunyamuka.

Azakhali anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Msika wonse unamva. Ukwati wina umene Akamera anali atalonjezedwa unapita kwa wojambula wa pa boma. Munthu uja anabwerera ku nsapato zake, n'kumapukuta fumbi mwakachetechete.

Patapita masiku, foni ya pa golosale inaitana. Anali bambo a Sungeni. Azakhali ndiwo anayamba kufika, n'kulanda foniyo Nangozo asanaigwire.

"Achimwene, pepani kwambiri za diresi lija. Wojambula wake ndi mbuli. Koma linafika, ndipo mwana anavala, anthu onse ndi mboni."

 Kumbali inayo kunamveka mawu a munthu wamkulu amene wakhala akulira.

"Diresi liti? Achemwali, mwanayu mwamuona chipumi? Ndi chanu chenicheni. Chithunzicho ndachipachika pamwamba pa bedi. Ndikadzuka ndimayamba ndamupatsa moni."

Kuyambira tsiku limenelo azakhali anatsukitsa chithunzi chawochawo, n'kumayenda nacho m'kachikwama ka pa msika. Aliyense wogula tomato ankaonetsedwa chipumi. Ndipo ankawonjezera kuti, "Ndine ndinamuuza wojambula uja kuti, iwe, usamale nkhope." Akamera atamva, sanatsutse. Wamalonda wanzeru satsutsana ndi wailesi ikayamba kumulengeza. Anangoti kwa mnzake wogulitsa malamba, "Wogulitsa kamera uja anandinamiza. M si Mavuto. M ndi Mwini."

Abale anga, fanizoli likunena za ife.

Dziko lino limajambula pa A. Limathamangira chonyezimira. Ukafika pa maliro, pa ukwati, ngakhale pakhomo la tchalitchi lino, diso la anthu limayamba lagwa pa nsalu, pa nsapato, pa kiyi wa galimoto, pa mpando umene wakhalapo. Mwini zinthuzo amangotsala chibowo chakuda. Ndipo tazolowera kwambiri moti timapita nazo zomwezo kwa Mulungu. Timaima padzuwa n'kumati, Ambuye, onani udindo wanga, onani yunifolomu yanga yosita bwino, onani mawu anga a m'kwaya, onani nyumba ya malata, onani mmene ndimapempherera motalika. Mkanda uliwonse uoneke.

Koma zonsezo akuzidziwa. Anagula yekha. Mawu oimbirawo anatumiza ndi Iye. Mphamvu zomangira nyumbayo anatumiza ndi Iye. Palibe chimene tingamuonetse chimene sichinachoke m'manja mwake. Chimene akudikira, monga bambo uja kutali, ndi nkhope ya mwana wake, ngakhale ili ndi misozi, ngakhale ili ndi timano tiwiri tokha.

Ine pamenepa ndimathokoza, ndipo ndimathokoza ngati munthu amene wagula chinthu chabwino pa mtengo wosayenera. Pakuti Mulungu akanamajambula pa A, ambirife sitikanatuluka. Ena diresi lathu ndi la kaunjika. Ena linang'ambika kalekale. Ena tinabwereka. Koma Mwini anagwira kagudumu ndi dzanja lake, nalola kuti zonyezimira zathu zipse ndi kuwala, kuti ife tituluke mumdima: maso, mphuno, zipsera ndi zonse. Atationa, sanafufute. Anati, ameneyu akufanana ndi kwathu.

Choncho mukagwada lero, musavutike ndi kuwongola makwinya a diresi. Analigula yekha. Kwezani nkhope.