Kagalimoto ka Lameki

Panali munthu wina ku Limbe amene ankatolera timagalimoto takale toyendera rimoti. Sitinali tidole ta masiku ano togula tili tomangamanga. Tinali tija timene tinkabwera m'katoni tili zidutswazidutswa, mota payokha, matayala paokha, tisikuluu m'kathumba, kuti mwini wake alumikize yekha. Tina anabwera nato kale anthu ochokera ku Joni. Tina tinkapezeka pansi pa mabelo a kaunjika titathyokathyoka. Munthu uja ankatifunafuna, kutigula, n'kutikonza mpaka tioneke ngati tangotuluka kumene m'fakitale. Akamaliza ankatiika m'kabati yagalasi pabalaza.

Ogulitsa kumsika ankamudziwa. Akangomuona ankakuwa, “Afika madala a zidole! Lero tili ndi kopanda matayala, madala, koma ndi kamtima wabwino!” Iye ankangomwetulira n'kuyamba kupenda katunduyo. Sanali munthu wa mawu. Zimene anzake ankanena ndi pakamwa, iye ankanena ndi manja. Akalakwira mkazi wake sankapepesa. Ankapita kukakonza chitseko chimene chinkalira.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Lameki. Mwanayo ali wamng'ono, bambo ake anamupatsa katoni imodzi yosatsegula, namuuza kuti amange yekha. Anamangadi, koma mopotoka. Anakapaka penti yobiriwira yotsala popenta chitseko cha bafa, mwina mokhuthala, mwina mopyapyala. Kagalimotoko kanayenda m'fumbi ndi m'matope, kanagunda mpanda, kanagwera m'ngalande. Eriyo itathyoka, anaikapo sipoko ya njinga. Rimoti itang'aluka, anaikulunga ndi malegeni.

Bambo ake akakaona, zala zinkawayabwa.

“Bwera nako kuno ndikukonzere.”

“Ayi bambo, kakuyenda. Mukakakonza mukatsekera m'galasi muja, kafa ndi kusungulumwa.”

Lameki anakula, anapita ku koleji, koma kagalimotoko sanakataye. Chaka china m'nyengo ya mvula anadwala. Matendawo sanatenge nthawi. Anakamuika kumudzi kwa amayi ake ku Ntcheu.

Achibale atakhala pansi kuti agawe katundu wa malemu, mayi ake sanakanize kalikonse. Malaya anapita, nsapato zinapita, mabuku anapita. Koma wina atanyamula kagalimoto kaja kuti akapatse ana, mayiyo analankhula.

“Tengani zonse. Aka kokha kasiyeni.”

Anakaika patebulo m'chipinda cha mwanayo. Tsiku lililonse akatha kusesa, ankalowa m'chipindamo n'kutseka chitseko. Mwamuna wake ali pabalaza sankamva kulira. Sankamva chilichonse. Pakapita nthawi mayiyo ankatuluka, nkhope ili youma, n'kupitiriza ntchito zake. Anasiya kwaya. Anasiya kucheza ndi anzake pampopi. Ukamufunsa kanthu ankayankha ndi mawu amodzi.

Mwamunayo anachita mantha. Mwana anali atamutaya kale, ndipo tsopano ankaona mkazi wake akumuchokera pang'onopang'ono ali moyo. Ankafuna kumubweza, koma sankadziwa poyambira. Kangapo anaima pachitseko chija atakweza dzanja kuti agogode. Nthawi zonse ankalitsitsa.

Mumtima mwake ankati: angachire bwanji munthu amene tsiku ndi tsiku amakhala n'kumayang'ana chinthu chothyoka? Batire inafa kalekale, matayala anang'ambika, kagalimotoko kangokhala ngati mtembo wachiwiri m'nyumba muno. Atakaona kakuyendanso pabwalopa, mwina angaseke. Mwina angalire n'komwe, ndipo kulirako kungakhale chiyambi.

Sanamuuze mkazi wake maganizo amenewa. Ankafuna kuti adzangoona.

Inafika nthawi yomanga chiliza pamanda a Lameki. Mkaziyo anatsogola kumudzi kukakonzekera ndi abale ake, ndipo mwamunayo anatsala kuti adzatsatire pambuyo ndi mwala wolembedwa dzina. Tsiku lomwe mkazi wake anakwera basi, iye anatsegula chipinda chija, nanyamula kagalimoto kupita nako patebulo lake lokonzera.

Sanagwirepo ntchito ina mosamala ngati imeneyi. Anakaphwasula konse. Anatsuka mota, anawotcherera mawaya atsopano, anawongola zonse zimene mwana anapotoza. Matayala a mtundu umenewo anali osapezekanso pamsika uliwonse. Choncho anatsegula kabati yake, natulutsa kagalimoto kamene ankakakonda kuposa tonse, kamene anakafunafuna zaka zambiri, nakaphwasula kuti atengeko matayala ndi eriyo. Sanadandaule. Anachotsa sipoko ya njinga ija, anamasula malegeni pa rimoti, anamata mng'alu mpaka sunkaonekanso.

Inatsala penti.

Anatenga sandipepa nayamba kupala m'mbali. Atafika padenga la kagalimotoko, dzanja lake linaima. Pamenepo penti inali yokhuthala, ndipo pakati pake panali chidindo cha chala. Chinali chala chachikulu cha dzanja laling'ono. Mwana anakagwira penti isanaume. Timizere tonse tinkaoneka. Kagalimoto konse kanali ndi fumbi m'makona, koma malo amenewo okha anali oyera, onyezimira pang'ono. Anaona zimenezo, koma sanadzifunse chifukwa chake.

Anayang'anitsitsa chidindocho, sandipepa ili m'manja. Ankadziwa mwini chalacho. Anaganiza zopasiya. Koma penti yatsopano sikhala bwino pamalo otumphuka, ndipo aliyense woona kagalimotoko akanayamba waona chilemacho. Iye pa moyo wake wonse sanasiyirepo ntchito panjira. Anadziuza kuti mwana wake ayenera chinthu changwiro, chimene bambo ake analephera kumupatsa ali moyo.

Anapala.

Fumbi lobiriwira linagwera panyuzipepala imene anayala patebulo. Atamaliza anaikulunga pamodzi ndi malegeni ndi matayala akale, nakataya kudzala, natentha pamodzi ndi masamba a mango. Kenako anapopera penti yofiira ndi yoyera, mmene chinalili chithunzi cha pakatoni. Itauma anakayesa pabwalo. Kanathamanga mowongoka. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwana wake, munthu uja anamva mtima wake ukupepuka.

Anapita kumudzi ndi mwala uja. Chiliza chinamangidwa, nyimbo zinaimbidwa, anthu anabalalika. Awiriwo anabwerera ku Limbe atakhala mpando umodzi m'basi, osalankhulana zambiri.

Atafika, mkaziyo asanalowe m'nyumba, mwamunayo anati, “Mayi a Lameki, tayambani mwaima pompo.”

Analowa, natuluka ndi rimoti. Kagalimoto kanatsika pakhonde, kanazungulira mtengo wa mango, kanadutsa pafupi ndi mpopi, kanabwera n'kudzaima pamapazi a mayiyo.

Iye anakayang'ana.

“Mwagula kena?”

“Ayi. Ndi komwe kaja. Ka Lameki.”

Mayiyo anatsitsa chikwama chake. Anawerama nakanyamula. Sanayang'ane matayala, sanayang'ane eriyo. Chala chake chachikulu chinapita chokha padenga paja, ngati phazi lopita panjira yozolowera. Chinafika n'kuima. Chinasuntha pang'ono kumanja, chinasuntha kumanzere, chinabwerera. Ponse panali posalala.

Apo m'pamene mwamunayo anazindikira chifukwa chake malo aja analibe fumbi, ndi chimene mkazi wake ankachita masiku onse aja chitseko chikatsekedwa.

“Panali chala apa,” anatero mayiyo.

“Chinalipo.”

“Munachiona?”

“Ndinachiona.”

“Ndiye chili kuti?”

Maso a mwamunayo anapita kudzala. Mkaziyo anayang'ananso komweko. Kunali phulusa lokhalokha, ndipo nkhuku za oyandikana nawo zinali zitalipalasa kale.

Sanakuwe. Sanalire. Anapukuta fumbi la m'matayala ndi nsonga ya chitenje chake, analowa pabalaza, anatsegula kabati yagalasi, nakaika kagalimotoko pakati pa tinzake. Kanakhala bwino pamenepo. Mlendo sakanatha kuloza kuti ka mwana wa nyumbayo ndi kati. Anatseka galasi.

“Kakongola,” anatero. “Ntchito mumaitha.”

M'mawa mwake anatsegula mazenera a chipinda cha Lameki, anasesa, anayala nsalu zina pabedi, nanena kuti alendo akabwera azigona mmenemo. Iye sanakhalemonso. Anakhalabe ndi mwamuna wake zaka zambiri. Ankamuphikira, ankamuchapira, akadwala ankamudwazika. Koma dzina la mwanayo sanalitchulenso pamaso pake. Akafuna kukamba za Lameki, ankadikira kuti abwere mchemwali wake.

Inu amene muli ndi munthu wolira m'nyumba mwanu, kapena amene mumapita kukapepesa anamfedwa, musamuweruze msanga munthu uyu. Sanali wouma mtima. Nayenso anali atataya mwana, ndipo anapereka chinthu chabwino koposa chimene anali nacho. Cholakwa chake chinali choti anakonza asanafunse. Nafenso timatero. Timachapa malaya amene mwini maliro ankawasunga dala osachapa. Timachotsa kapu yothyoka chogwirira pashelefu n'kuikapo yatsopano. Timawongola ngakhale nkhani za malemu kuti zimveke bwino, mpaka amene ankamudziwa samuzindikiranso. Wolira sakuuzani pamene amaika chala chake, chifukwa mwina iye mwini achita manyazi. Mukaona chinthu chothyoka m'nyumba ya maliro, gogodani, mufunse. Akakuuzani kuti chisiyeni, chisiyeni, ndipo mukhale naye pansi, manja anu ali pamawondo.