Tiuzeni kuti timupempherere

Panali mayi wina wosoka zovala amene ankakhala kuseri kwa msika m'tauni ina. Bwalo la milandu ya ana linamusankha kuti azithandiza mongodzipereka. Ntchito yake inali kuyendera mwana amene nkhani yake ili kukhoti, kumva zakukhosi kwake, ndi kulemba zimene wamvazo kuti woweruza yekha awerenge.

Anamupatsa kamtsikana kena dzina lake Zione. Mwanayu ankachitidwa nkhanza ndi bambo ake omupeza, ndipo a boma anamuchotsa pakhomopo n'kukamusunga kunyumba ina yosadziwika kwa anthu. Masiku oyamba Zione ankangoyang'ana pansi. Kenaka tsiku lina anafunsa kuti, "Amayi, ndikakuuzani, inuyo mukauza ndani?"

Mayiyo anati, "Woweruza yekha, mwanangu. Wina aliyense ayi."

Mwana uja anamasuka, nanena zonse.

Lachinayi linafika, tsiku limene amayi a mumpingo amasonkhana. Atatha kuimba, amayi apampando anatembenukira kwa wosoka uja. "Tamva kuti mwana uja ali m'manja mwanu. Tiuzeni zomwe anamuchita ndi komwe ali, kuti timupempherere bwino."

Maso onse anali pa iye. Awa sanali adani. Anali anzake omwe anagona naye pasiwa mwamuna wake atamwalira. Koma iye anayankha mofatsa kuti, "Mulungu akudziwa komwe mwanayo ali. Tiyeni tingogwada."

Kuyambira tsikulo anthu anamutcha wodzikuza. Ena anasiya kusoketsa kwa iye. Ena ankati akamuona panjira, moni unkauma pakamwa. Zinamupweteka ndithu, koma sanatsegule pakamwa, ndipo zolemba zake zinapita kwa woweruza osadutsa m'manja mwa wina.

Pozenga mlandu ndi pamene chinthu chinaululika. Bambo womupeza wa Zione uja anali atatuma mlongo wake kuti afufuze komwe mwana ali, n'cholinga chokamuopseza asanaonekere kukhoti. Mlongoyo ankakhala pamphasa imodzi ndi amayi a mumpingo aja Lachinayi lililonse, ndipo ndiye anapempha amayi apampando kuti afunse funso lija. Iwo anafunsa ndi mtima woyera, osadziwa kuti akugwirira ntchito wina. Koma popeza palibe anamupeza Zione, mwanayo anayankhula mopanda mantha, ndipo womuzunzayo anamangidwa.

Abale ndi alongo, munthu akakuonetsani chilonda chake, sanakupatseni nkhani yoti muyende nayo. Wakusungitsani moyo wake. Muupereke kwa amene angathandize, basi. Miseche yambiri imalowa m'tchalitchi itavala chovala cha pemphero, ndipo simudziwa amene wakhala nanu pamphasa. Mukhoza kupempherera munthu osadziwa zonse za iye, pakuti amene mukumupemphayo anaziona kale. Inunso zanu zija munamuuza Mulungu mutagwada, kodi munazimvapo kumsika?