Chibafa cha ku Baobab

Pakhomo pa Elesi ku Ingagula panali zinthu ziwiri zosagwiragwira: Baibulo la malemu amuna ake, a Gabrieli, ndi galimoto yawo. Inali Volokisi yakale yobiriwira, ija ya msana ngati fulu, injini kumatako. A Gabrieli anaigula ndi thukuta la zaka makumi awiri pansi pa mgodi. Chifuwa cha malasha chitawatenga, galimotoyo inatsala pansi pa mtengo wa mango itafunditsidwa masaka.

M'chaka cha 2007 petulo ankangomveka m'maloto. Koma Elesi anali ndi kachigubu kamodzi kunsi kwa bedi, kamene anasinthitsa ndi atambala awiri, ndipo kanali ka ulendo umodzi wokha. Pa 6 Juni chaka chilichonse anthu amasonkhana ku Kamandama kukumbukira amuna amene mgodi unawaphulikira mu 1972, n'kutsekeredwa pansi pomwepo. Bambo ake a Elesi ali m'menemo. Mayi ake, gogo Esinati, anali asanajombepo ngakhale chaka chimodzi kukaika maluwa. Tsopano miyendo yawo inali itatupa ngati mitondo, masitepe a basi anali atawakanika. Volokisi yokha ndiyo inkawamvera: yaifupi, chitseko chotseguka bwino, amangotembenuka n'kukhala.

Woyendetsa anali Kingston, mwana wa Elesi, wowotcherera zitsulo ku wekishopu. Manja anali nawo, tisaname. Chimene analibe ndi makutu. Ukayamba kumuuza kanthu, usanafike n'pakati pomwe, iye wayankha kale m'Chindebele, "Ngiyazi." Ndiye kuti ndikudziwa. Mvula ikubwera: ngiyazi. Njoka ili kumbuyo kwako: ngiyazi.

Loweruka lina mu Meyi anatulukira akukankha ngolo, pamwamba pake pali chinthu chofiirira ngati lalanje lofwifwa, chachitali kuposa bedi. Anati bwana watsopano wa nyumba ina kumayadi a ku Baobab anachipeza kuseri kwa galaja, mukugona abakha, n'kumupatsa atamukonzera geti. Anthu a mu mzere wonse wa nyumba anatuluka.

"Ini lo?" anafunsa m'Chilapalapa a Robson, oyandikana nawo, amene anapuma ntchito ya zitsulo. "Chiyani chimenechi, mphwanga?"

"Ndi bwato," anatero mkazi wina. "Koma bwato lanji la mabowo pansi?"

"Ndi bafa la azungu, losambira awiriawiri!"

Gogo Esinati anasuzumira pawindo. "Momwera ng'ombe umo. Bwezani kumene mwatenga."

Kingston anaseka, n'kutulutsa m'thumba tsamba long'ambidwa m'magazini. Panali chithunzi cha kagalimoto kopanda denga, matayala akuluakulu, mzungu ndi mkazi wake akuuluka pamchenga. "Iyi ndi bagi, gogo. Galimoto ya pamchenga. Ichi ndi thupi lake. Umachiika pa chesesi ya Volokisi, chitsulo cha pansi chogwira matayala ndi injini chija, basi yatha. Ndizinyamula azungu opita kukawedza ku Zambezi."

"Mchenga wake uti?" anatero a Robson. "Kuno kuli phulusa la malasha lokhalokha."

Elesi sankaseka nawo. Anali atayandikira, akusisita kutsogolo kwa chinthucho pamene panali chithunzi cha nsomba chofufutika. Bambo ake atatsalira ku Kamandama, iye anasiya sukulu n'kukalowa ntchito ya m'nyumba ku Baobab, kwa mzungu wina wa zamagetsi. Chinthu chimenechi ankachitsuka Lolemba lililonse ndi manja ake omwewa.

"Kingston, ichi ndikuchidziwa ine. Bwana uja pochimanga..."

"Ngiyazi, mama."

"Ukudziwa chiyani ndisanathe?"

"Zonse zalembedwa apa," anatero akugwedeza tsamba lija. "Inu munkangotsuka."

Anthu anaseka. Elesi anameza mawu ake ngati mwala wotentha. Apa nayenso analakwa, chifukwa mkwiyo unamutseka pakamwa pamene pankafunika kukuwa. Anangoti, "Galimoto ya bambo ako usaigwire. Wamva?"

"Yebo, mama."

Lolemba kunabwera uthenga wa maliro ku Dete, ndipo Elesi anakagonako masiku atatu. Lachinayi masana anatsika basi atasenza kathumba ka malambe. Atakhota pa mpanda wake, anaima. Anaganiza kuti walowa pakhomo pa eni.

Pansi pa mango panalibe galimoto. Panali zidutswa ziwiri za chitsulo zitakhazikidwa pa njerwa, china chili ndi matayala akutsogolo, china chili ndi injini. Pakati pake pankaoneka dzuwa, ndipo thadzi ndi anapiye ake linkadutsa pamenepo mosatekeseka. Thupi lobiriwira lija linali gada cha kumpanda, lopanda zitseko, ngati ng'ombe yochotsedwa matumbo.

Thumba linagwa, malambe mbwee pabwalo. "Mayo ine! Gabrieli, dzukani mudzaone!"

"Ndinakuwa mpaka mawu anauma," anatero gogo Esinati ali pawindo. "Chimakina chakecho chinkalira kuposa ine."

Kingston anatuluka akupukuta manja, nkhope ili ngwee ngati wapha njovu. "Musadandaule, mama. Pepala likuti chesesi ya Volokisi imatalika. Umadula pakati, n'kuchotsa mainchesi khumi ndi anayi, kuchoka pachigongono kufika pankhonya apa, kenako n'kulumikiza."

"Wadula? Wadula bambo ako pakati?"

"Ndi chitsulo, mama, si munthu."

"Chimene wachotsacho chili kuti?"

Anakanda m'mutu. Anali atawapatsa a Robson pothokoza galayinda yawo, ndipo iwo anali atapangira kale mbaula.

"Nanga zitseko?"

Zitseko anasinthitsa ndi matayala awiri aakulu kwa munthu wa ku Bulawayo, amene anali atanyamuka dzulo lake.

Elesi anakhala pansi pafumbi, miyendo tambalale, chitenje cha pamaliro chikadali m'chiuno. Misozi sinabwere. Ankangoyang'ana mpata uja. "Kwatsala masabata awiri kuti agogo ako apite ku Kamandama."

"Ngiyazi. Adzapita pa bagi ngati mfumukazi."

Pofika Lamulungu anali atalumikiza zidutswa zija, ndipo msoko wake unali wokongola, pakuti tanena kale kuti manja anali nawo. Anthu atatuluka m'tchalitchi anaitana amuna anayi kuti anyamule chibafa chija. Mzere wonse unabweranso kudzaonerera. Anachikweza, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono pa chesesi. Kutsogolo chinakhala bwino, mabowo a mabawuti n'kukumana. Kumbuyo chinalendewera m'malere. Malo a matayala anali kwina, matayala ali kwina.

"Kankhani kutsogolo!" anakuwa Kingston. Anakankha, kutsogolo n'kuphonya. Anabweza. Anagwedeza. Thukuta kamukamu.

A Robson anatulutsa tepi, anayeza chibafa, anayeza chesesi, anayezanso. "Aikona," anatero chapansipansi. "Chaposa ndi mainchesi khumi ndi anayi ndendende. Omwe aja wachotsa, mphwanga."

Kingston anatulutsa tsamba lake. A Robson anamulanda. "Taona. Ya pachithunziyi ndi ya anthu awiri. Chako ichi chili ndi pokhala pena kumbuyo. Sunayeze usanadule?"

Pamenepo Elesi anaimirira, atavala yunifolomu yake ya Mvano.

"Mzungu uja sanadule kanthu. Ndinalipo ine. Anamasula thupi la Volokisi yake Loweruka, Lamulungu n'kukhazikapo chimenechi, chonse chinalowa ngati phazi mu nsapato. Beseni la mabawuti ndinagwira ndine. Kumbuyo uko kunkakhala ana atatu ndi galu, ndipo masanzi awo ndinkapukuta ndine."

Kingston anayasama. "Nanga bwanji simunanene, mama?"

Akanangokhala chete. Elesi anamuyandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugundana. "Ndisanene? Ine? Pamaso pa anthu omwewa unati chiyani? Sindinkangotsuka ine? Eya, ndinkangotsuka! Wotsuka amaona pansi pa chinthu, iwe wa pepala umaona pamwamba pokha. Kachithunzi kamodzi kong'ambika, wadula nako thukuta la bambo ako la zaka makumi awiri. Nena tsopano, nena ngiyazi timve!"

Wina anati angobwezeretsapo thupi lakale. A Robson anapukusa mutu. Chesesi inali itafupika, thupi lobiriwira silikanalowanso. Kuitalikitsa kunkafuna chitsulo chatsopano, komanso mapaipi ndi mawaya a m'kati onse anali atadulidwa kale. M'chaka chimene m'sitolo munalibe ngakhale msomali, zimenezo akanazipeza kuti?

Kingston sanagonje. Masiku otsalawo anacheka chibafa cha kumatayala, anachichirikiza ndi zitsulo za bedi lakale, n'kumanga ndi waya. M'mawa wa pa 6 Juni anathira petulo wa m'kachigubu kaja, injini n'kulira. Kingston ankanyadira ngati waukitsa wakufa.

Gogo Esinati anatuluka atavala zakuda, duku lakuda, maluwa ali m'chitini. Dzanja lina ndodo, lina paphewa la Elesi. Kuchoka pakhomo kufika pa mango kunawatengera nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi. Atafika anaima, akupuma movutika. Mbali ya chinthucho inkawafika m'chiuno. Anayang'ana uku. Anakwawira mbali inayo, n'kuyang'ananso. Anapapasa ndi dzanja kufuna chogwirira.

"Khomo lili kuti?"

"Bagi ilibe khomo, gogo. Umangodumphira."

"Ndidumphe?"

"Tikunyamulani. Ine ndi a Robson tikugwirani uku ndi uku..."

"Ndipite kwa amuna anga ataniponya ngati thumba la malasha? Nanga ndikafika, mukandikoka ndi chiyani, anthu onse akuona?" Anamuyang'ana mdzukulu wawo. Mawu awo sanakwere. "Agogo ako aamuna ali m'nyumba yopanda khomo. Anatseka ndi simenti ine ndili chiimire, mayi ako ali kumbali kwanga. Zaka zonsezi ndimapita kukaima panja pake. Lero iwe wandimangira ina kuti ndilowemo?"

Kingston anazimitsa injini. A Robson anavula chipewa.

Gogo Esinati anapereka chitini kwa Elesi. "Pita iwe. Ukawauze kuti sindinawaiwale. Ukawauze kuti ndi miyendo." Anatembenuka okha, n'kukakhala pa sitepe ya pakhomo, atayang'ana kumene kuli Kamandama.

Elesi anayenda pansi. Kingston anati amuperekeze pa bagi, iye sanacheuke n'komwe. Anafika mapemphero atayamba, nsapato zili zakuda ndi fumbi. Amayi amasiye anzawo a gogo Esinati ataona chitini chili m'manja mwa mwana, mwini wake palibe, anagwira pakamwa. Mmodzi anayamba kulira.

"Elesi, amayi atisiya liti? Bwanji osatiuza?"

"Ali moyo," anatero Elesi. "Ali pakhomo, avala zakuda, akudikira chitseko chimene chili ku Bulawayo."

Anaika maluwa, n'kunena uthenga uja monga anamutumira. Pobwerera anapeza amayi ake ali pomwe paja, duku likadali kumutu, ndipo Kingston atakhala pansi kumapazi awo, mutu uli pakati pa mawondo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anafunsa funso.

"Mama, ndichite chiyani?"

"Tenga tepi ya a Robson," anatero Elesi. "Uyeze. Ukatha uyezenso. Kenako ubwere udzafunse wotsuka."

Chibafa chija chili pomwepo pansi pa mango, ndipo abakha anachipezanso. Inu amene muli ndi ana odula mawu a akulu pakati, muwatengere ku Ingagula akachione. Akale sananame pamene anati Ndadziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.