Mbuzi Zidzilankhulire Zokha

Iyi mukaikhulupirira yonse ndiye kuti ndinu olimba mtima.

A Chadzunda, mlangizi wa bungwe lina logawa mbuzi, anandiitanitsa ku ofesi n'kundipatsa pepala. "A Likongwe, mulowezetu ili. Lachinayi kukubwera alendo ochokera kulikulu. Mukanene kuti mbuzi zanu zaswana. Mukakana, dzina lanu ndilifufuta."

Ine mbuziyo ndinali ndisanaone ngakhale mchira wake. Koma dzina likafufutidwa ndiye basi, sindidzaiona.

Masiku atatu anandiphunzitsa kulankhula pagulu: kuima mowongoka, kuyang'ana anthu m'maso, kusakanda m'mutu. Zonsezi mu ofesi momwemo, poti kwathu sanapondeko chibadwire.

Tsikulo, pabwalo la sukulu, ndinaima ngati mtengo wa bulugama. Ndinapereka ulemu kwa aliyense, kuyambira mayi wamkulu wa kulikulu mpaka wophika tiyi. Kenaka ndinati, "Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, kufotokoza sinditha. Mbuzi zidzilankhulire zokha. Pepalali likuti a Chadzunda amayendera khola langa sabata iliyonse, ndiye atsogole ndi iwo. Ine ndibwera pambuyo ndi mipando."

Mayi aja ananyamula chikwama. "Tiyeni, a Chadzunda."

Pamphambano panali njira zitatu. Bwana Chadzunda anaziyang'ana zonse, thukuta lili kamukamu, n'kusankha yapakati, yopita kumanda.

Sabata yotsatira mbuzi zinafika pakhomo panga, ziwiri.

Zakumandazo ndangokometsera ndine. Zoona zake n'zakuti anatembenuka n'kufunsa njira kwa dalaivala wa alendowo.