Malo a Mono Umodzi

Kalekale, kuchigwa cha mabango kumene mtsinje umathira m'nyanja yosaya, kunali mayi wina dzina lake Nachanza. Chuma chake chinali chimodzi: biyo, mpanda wa mabango wotchinga mtsinje, wokhala ndi kakhomo kokwana mono umodzi basi. Nsomba zolowa m'mono umenewo ndizo zinalera ana ake aakazi atatu, Msekeni, Mwandida ndi Ndaona, mpaka onse anakwatiwa.

Chaka china mvula inakana. Nyanja inaphwa, pansi pake panang'ambika ngati chidendene cha mlimi. Akakowa anasamuka, achule anangoti zii. Mtsinje wonse unatsala dziwe limodzi pansi pa mikuyu. Nachanza, amene miyendo inali itamukana kale, ankakhala pamuzu n'kumayang'ana madziwo. Ankadziwa kuti nsomba za m'dziwelo zikatha, ngakhale mvula itadzagwa, mtsinje udzadzaza madzi okhaokha.

Msekeni, mwana wamkulu, sanadikire kuuzidwa. Pamene anthu ankatola matemba ndi timakumba m'zithaphwi zouma kukaphika, iye ankatola nsomba zamoyo, kuziika mumtsuko wa madzi, n'kusenza mpaka kudziwe. Dothi lotentha linamusupula mapazi.

"Taonani nsomba zamwayi," ankaseka amayi anzake. "Zikuyenda pamutu, mwini wake ali ndi njala."

"Tidyeretu zonse, chaka chamawa tidzavuule matope?" ankayankha osaima n'komwe.

Mwandida anaona vuto lina. Ng'ombe za m'midzi yonse zinkamwera padziwepo, kupondaponda mpaka madzi kusanduka phala, nsomba n'kumapumira pamwamba. Kuletsa abusa sakanatha, chifukwa ng'ombe nazo zinali ndi ludzu. Choncho anatenga khasu, n'kukumba chitsime mumchenga chakumunsi, yekhayekha, mpaka manja anatuluka matuza. Ng'ombe zinayamba kumwera kumeneko. Kenako anazula mabango ndi mlulu n'kubzala m'mbali mwa dziwe kuti tiana ta nsomba tipeze mthunzi ndi pobisala. Madzi anayera, ndipo Nachanza anaonanso milamba ikugwedeza ndevu pansi.

Njala itafika povuta, amuna anasinja katupe, mankhwala aja opha nsomba zonse za m'dziwe nthawi imodzi. Anafika dzuwa lili paliwombo, ndipo wotsogolera anali mwamuna wa Ndaona. Nachanza anakuwa, koma ndani akanamvera nkhalamba? Ndaona analowa m'dziwemo mpaka m'chiuno, mwana wake Tiyese ali kumbuyo. Anatapa madzi m'dzanja, kumwa, n'kumwetsanso mwanayo.

"Thirani, bambo a Tiyese," anatero. "Ife timwa omwewa, ndipo sitituluka."

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa anzanga, mkazi iwe?"

"Manyazi amatha. Thirani ngati mwatsimikiza."

Palibe anathira. Amunawo anabwerera ndi madengu awo. Koma mwamuna wa Ndaona anamanga katundu wake tsiku lomwelo, ndipo sanabwererenso.

Mvula inadzagwa. Dziwe linasefukira, mtsinje unayendanso, nsomba zija zinabalalikira m'udzu womira n'kuswana. Nyanja inabwerera ndi zonse zake: akakowa pamisana ya ng'ombe, nkhanu m'matope, akatumbu m'mabango, nkhwazi ikulira pamkuyu. Anthu anamanganso mabiyo awo, ana anayambanso kununkha nsomba m'manja.

Nachanza anaitana ana ake. Mtima wake unali wodzaza ndi kunyadira, koma unali wolemera.

"Ine m'madzi sindingalowenso," anatero. "Biyo ili mwambo wake mukuudziwa. Khomo ndi limodzi, mono ndi umodzi, mwini wake ndi mmodzi. Amene ankagawana khomo anatsala opanda nsomba, opandanso ubale. Ndikufuna ndipereke mono kwa amene anapulumutsa mtsinjewu."

"Amayi, musavutike," anatero Msekeni, akutambasula mapazi ake a zipsera. "Popanda mtsuko wanga, awiriwa akanasunga dziwe la achule."

"Achemwali, nsomba zanu zokwera pamutuzo zikanafera m'phala la ng'ombe," anatero Mwandida. "Inu munazipatsa ulendo, ine ndinazipatsa nyumba."

Ndaona anali akuyamwitsa. Anayankhula osadzutsa mutu.

"Mapazi apola, matuza apola. Kunyumba kwanga mphasa ina ikadali yopinda."

Nachanza anayang'ana mapazi a woyamba, manja a wachiwiri, ndi mdzukulu wopanda bambo pachifuwa cha wachitatu. Mono unali pamiyendo pake. Anaunyamula, n'kuubwezanso pomwepo. Kumtsinje matemba anali atayamba kale kukwera, ndipo khomo la biyo linali pululu.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musangokhala chete, nsomba zikudutsa. Nachanza apereke mono kwa yani: amene anasenza nsomba, amene anayeretsa madzi, kapena amene anaima m'dziwe n'kutaya banja?